Phunziro Limodzi Laulere la Mayi Chipeso

Inu amene mwatsegula nkhani ino kufuna mawu okudzutsani, ndiyambe ndakuchenjezani kuti ilibe shuga wambiri. Ndi ya mayi wina woluka tsitsi amene anzake ankamutchula kuti Chipeso, chifukwa chipeso sichinkachoka m'manja mwake, ndipo chikachoka m'manja unkachipeza chitabayidwa m'mutu mwake.

Tsiku limene zinthu zinamuipira anali kuluka mkwatibwi. Atafika pakati pa mutu, zala za dzanja lamanja zinangouma gwa. Anayesa kuzitambasula, zinakana. Mkwatibwi anadziyang'ana pagalasi, n'kuona mbali imodzi yolukidwa bwino, inayo ili nyankhalala, ndipo anayamba kulira.

Mwini saluni, amene onse ankamuti Madamu, anamaliza yekha mutuwo. Madamu ameneyu anayamba ntchito ali kamtsikana kosesa tsitsi pansi, ndipo ndi Chipeso amene anamugwira dzanja n'kumuphunzitsa kugawa mizere. Kenako Madamu anakwatiwa ndi mwamuna wopata, anatsegula saluni yakeyake, n'kulemba ntchito mphunzitsi wake uja.

Makasitomala atachoka, Madamu anamuitanira kuseri kumene amatsukira mitu.

"Asisi, kapumeni kaye kunyumba. Manja akachira mudzandiimbire."

Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake. Sabata isanathe, pampando wa Chipeso panali mtsikana wina.

Kuchipatala anamuuza kuti ndi nyamakazi ya m'mfundo, ndipo mankhwala angochepetsa ululu koma sichira. Zaka zonse zokoka tsitsi la anthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa zinali zitamudya zala.

Nyumba ya lendi inamukanika. Anasamukira kwa mlongo wake wamng'ono, amene iye mwini anamuphunzitsa sukulu ndi zala zomwezo. Anamupatsa kachipinda kosungiramo katundu, momwe munali matumba a simenti ndi njinga yakufa. Mlongoyo sanali munthu woipa, koma anali wa aja amene mkazi akayamba kuyankhula amakweza wailesi.

Mlamu wake anali woyembekezera, ndipo sankabisa mawu. Ankakonda kunena, akupukuta tebulo, kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anamuuzanso poyera kuti mwana akabadwa kubwera mayi ake kudzamuthandiza, ndipo kachipinda kaja kadzafunika.

Foni ya Chipeso sinasiye kulira. Makasitomala akale ankaimba, koma sankafunsa za manja. Wina tsitsi likuthothoka pachipumi, wina mwana wake watuluka zilonda ataluka meshi, wina akufunsa mafuta oyenera. Iye ankawayankha onse, iwo n'kuthokoza, n'kupita kukalukitsa kwa Madamu.

Tsiku lina atadula foni yotere anakhala pa thumba la simenti, n'kuzindikira kuti zala zatha koma anthu akufunabe zimene zili m'mutu mwake. Anali ataonapo anthu akuphunzitsa zinthu pa intaneti, ophunzira n'kumalipira mwezi ndi mwezi kuti akhale m'gulu. Anaganiza zoyesa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anagulitsa choumitsira tsitsi chake, n'kugula mutu wa chidole wophunzirira kuluka ndi kamtengo koimikapo foni. Zala zake zinkatha kuluka pang'onopang'ono kwa kanthawi kochepa zisanayambe kuwotcha. Ankajambula kachigawo, n'kuviika manja m'madzi ofunda, n'kujambulanso. Vidiyo imene wina akanaimaliza asanamwe tiyi, iye inkamutengera tsiku.

Atakonza maphunziro angapo analengeza kuti watsegula gulu lophunzitsa kuluka ndi kusamala tsitsi, ndipo wofuna kulowa alembetse ndi kulipira. Anadikira. Sanabwere ndi mmodzi yemwe. Kasitomala wina wakale anamuuza mosapsatira kuti mavidiyo oluka ali mbwee pa intaneti, ndipo munthu sangalipire chinthu chimene sanachione.

Mawuwo anamupweteka, ndipo chifukwa cha kupwetekako analumphira mbali inayo. Anatulutsa zonse poyera, zaulere, kuti anthu aone kuti akuidziwa ntchito. Ankaganiza kuti akaona, mtima uwagunda ndipo alembetsa.

Anthu anaonadi. Anamulembera kuti Mulungu amudalitse, kuti ali ndi manja agolide, kuti apitirize. Ena anamulamula kumene kuti mawa ajambule sitayilo yakutiyakuti. Koma madalitso aja sanagule ngakhale bandulo. Wolembetsa panalibe, chifukwa panalibe chotsala choti alembetsere.

Choipitsitsa anachimva kwa mayi wina wochapa matawulo ku saluni kuja. Anamuuza kuti Madamu akuonetsa mavidiyo aja pa TV ya m'saluni pophunzitsa atsikana atsopano, ndipo atsikanawo amalipira maphunzirowo. Nkhope ya Chipeso anaidula, anangosiya manja, pamwamba n'kumatapo dzina la saluni.

Chipeso anapitako wapansi. Analowa n'kupeza zala zake zotupa zikuluka pakhoma, atsikana atazungulira ndi zipeso m'manja. Anafunsa kuti ndani anapereka chilolezo.

Madamu sanachite ndi manyazi omwe.

"Asisi, mesa munapereka nokha? Zaulere zilinso ndi mwini wake?"

Atsikana ena anaseka chobisa. Chipeso anatembenuka n'kulunjika kukhomo. Anatuluka, ndipo panjira yonse yobwerera sanaone munthu kapena galimoto.

Kunyumba anafotokozera mlongo wake. Iye anapukusa mutu, n'kunena kuti anthu ndi ovuta, basi n'kudzuka kukasamba. Mlamu ndiye anaseka mpaka kugwira mimba yake.

"Alamu, inu ndi bizinesi n'kutali. Ngakhale wogulitsa chinanazi amadula kachidutswa kuti ulawe. Munaonapo akugawa dengu lonse kenako n'kumalira kuti anthu sakugula?"

Sananene pofuna kumuthandiza. Ananena kuti amubaye, ndipo anamubayadi. Chipeso anadzitsekera m'kachipinda muja n'kulira kulira kwa munthu wamkulu, kopanda phokoso. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti wachipongwe uja ananena zoona.

M'mawa mwake anachotsa mavidiyo onse. Kwa masiku angapo sanajambule kalikonse, ankangoganiza kuti kachidutswa kake n'kati. Anakumbukira kuti mwa mafoni onse aja, funso limene linkabwera kawirikawiri linali la tsitsi lothothoka pachipumi chifukwa cholukidwa mokoka. Anakumbukiranso kuti vidiyo munthu angaibe, koma diso limene limaona mzere n'kudziwa pamene dzanja lalakwitsa silibedwa.

Choncho anajambula phunziro limodzi lokha, la kuluka kosakoka tsitsi la pachipumi. Sanalichite mwachinyengo, lija loti pofika pokoma n'kudula kuti ulipire. Linali lathunthu, loti munthu akalitsatira vuto lake lithadi. Nkhope yake ndi mawu ake zinali ponseponse, moti wofuna kuzidula akanadula phunziro lomwe.

Sanaliike poyera. Analengeza kuti wolifuna amutumizire uthenga, alandira kwaulere. Anawonjezapo kuti aliyense amene ayese kuluka n'kumutumizira chithunzi, amuuza kamodzi, kwaulerenso, pamene walakwitsa. Wofuna maphunziro ena onse, ndi kumakonzedwa sabata ndi sabata, ndiye alowe m'gulu lolipira.

Mauthenga anabwera. Ambiri analandira phunzirolo n'kusowa osatsanzika. Wina anamulalatira kuti wayamba dyera, kale ankapereka zonse. Wina anatumiza chithunzi katatu ndi manambala osiyana kuti akonzedwe katatu, osadziwa kuti Chipeso akuona kuti mutu wa mwana wake ndi womwewo.

Ndiye panabwera chithunzi cha kamutu ka mwana, kolukidwa mizere yokhotakhota, khungu litafiira m'mbali. Wotumizayo anali mayi amene anakwatiwa ndi bambo wofedwa, n'kupeza mwana wamkazi wamng'ono. Mayiyo anakulira m'nyumba ya anyamata okhaokha ndipo sanaphunzirepo kuluka. M'mawa uliwonse mwanayo ankalira, ndipo abale a malemu ankanong'onezana kuti mayi wopeza akumuzunza.

Chipeso anachiyang'ana chithunzicho kwa nthawi, n'kumujambulira mawu. Anamuuza kuti vuto si nkhanza koma mantha, kuti akugwira mwamphamvu poopa kuti zimasuka. Anamuuza anyowetse tsitsi kaye, agawe mizere ikuluikulu, ndipo chala chaching'ono chizigona pamutu kuti dzanja lisamakwere m'mwamba.

Patapita masiku mayi uja anatumiza chithunzi china. Mizere inali isanawongoke kwenikweni, koma mwanayo ankamwetulira. Anati mwanayo anagona tulo ali pamiyendo pake akulukidwa, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anatinso mavidiyo ena onse amathamanga, koma zala za Chipeso zimayenda pang'onopang'ono moti munthu amaona chilichonse.

Chipeso anawerenga mawu amenewo n'kuseka kuseka kowawa. Matenda amene anamuchotsa ntchito ndiwo ankayamikiridwa. Tsiku lomwelo mayi uja analembetsa, ndipo anakhala membala woyamba.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinthu zinayenda ngati madzi. Mwana wa mlamu anabadwa gulu lili ndi anthu owerengeka m'manja. Apongozi a mlongo wake anafika ndi zikwama, ndipo Chipeso anasamutsidwira kukhitchini, kumayala mphasa onse akamaliza kudya ndi kuipinda asanadzuke. Mutu wa chidole unkagona pamwamba pa kabati, ndipo apongoziwo ankati ukuwaopsa, mwina ndi zamankhwala.

Ankajambulira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikapo matewera, akudikira kuti khanda lisiye kulira. Masiku ozizira zala zinkatupa moti sankatha kugwira ndi supuni yomwe, ndipo ankaphunzitsa ndi mawu okha. Mamembala ena ankatuluka mwezi ukatha. Iye ankawafunsa chimene chinawasowa, ndipo ena ankamuuza zowawa, n'kukonza.

Koma mayi woyamba uja anauza anzake kuntchito. Mmodzi wa iwo anauza mchemwali wake amene amakhala kudziko lina kumene oluka tsitsi lathu ndi osowa. Kunabwera bambo wina amene mkazi wake anamusiyira ana aakazi awiri, kunabwera atsikana ofuna kuyamba kuluka pakhomo pawo. Onse ankalowera khomo limodzi lomwelo: phunziro laulere, chithunzi, ndi mawu a Chipeso onena mosanyengerera pamene alakwitsa.

Anaphunzira kuti mwa anthu ambiri olawa, ogula amakhala ochepa, ndipo anasiya kukwiyira opitawo. Anaphunziranso kuti chaulere chikakhala chachabechabe anthu amaganiza kuti zolipira nazo n'zachabechabe. N'chifukwa chake phunziro limodzi lija analijambulanso mobwerezabwereza mpaka linakhala labwino kuposa ena onse.

Khanda lija litayamba kukwawa, Chipeso anapeza chipinda chakechake, chokhala ndi zenera lalikulu lolowetsa kuwala kojambulira. Tsiku losamuka mlamu anamufunsa ngati angamulowetse mng'ono wake m'gulu muja mwaulere, poti ndi pachibale. Anamuyankha kuti phunziro laulere lilipo la aliyense, atumize uthenga ngati ena onse.

Lero gulu lake lili ndi mamembala m'mayiko angapo, ndipo limamudyetsa, kumulipirira nyumba ndi kumugulira mankhwala. Koma sindikunamizani kuti dziko linamubwezera chilungamo. Saluni ya Madamu ikuyenda bwino, anatsegulanso ina, ndipo akuti mavidiyo akale aja amawaonetsabe. Mlongo wake amauza anthu kuti ndi iye amene anawadzutsa achemwali atagwa. Zala nazo zapitirira kupindika. Masiku ano sangathenso kuluka ngakhale chidole, ndipo manja amene amaoneka m'mavidiyo atsopano ndi a mayi wopeza uja, amene tsopano amagwira naye ntchito. Chipeso amakhala pambali n'kumanena kuti apa kokani pang'ono, apo masulani.

Tsiku lina pamsonkhano wa pa foni wa mamembala, mtsikana wina amene anachotsedwanso ntchito mopanda chilungamo anamufunsa kuti anatha bwanji kukhululukira anthu onse aja. Ena ankayembekezera ulaliki. Chipeso anamuyankha mosabisa.

"Mwana wanga, ndisakunamize, sindinawakhululukire. Ndinangotanganidwa. Nawenso tanganidwa, tumiza chithunzi chako ndione."

Inu amene mukuwerenga muli pansi, mwina mudikira kuti amene anakulakwirani abwere kudzapepesa, kapena kuti mtima uyambe wapola ndiye mudzuke. Mwina sabwera, ndipo mwina supola msanga. Dzukani nawo choncho uli wowawa. Funani chimene chatsala mwa inu chimene sanathe kukulandani, mupatseko anthu pang'ono ndi mtima wonse kuti akudziweni, ndipo chotsalacho musachite nacho manyazi kuchiikira mtengo. Akakusekani lero, mawa mudzukenso. Mtima wanuwo musautaye, ngakhale uli ndi zipsera.