Mfuti ya Ababa Sinalire Pachulu

Ababa anali mlenje wa mbalame. Ambiri kwathu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, amagwira mbalame ndi misampha kapena ulimbo, koma ababa ankaseka kuti zimenezo n'za anthu oopa phokoso. Iwo anali ndi gogodela, mfuti yosula pamanja, ya paipi yaitali ndi chogwirira chamtengo chimene chinada ndi thukuta lawo. Mfuti imeneyi inkadyera kukamwa. Ankathira onga, n'kutsendera kansanza ndi ndodo yachitsulo, n'kuthira tizidutswa ta misomali, n'kutsenderanso. Pomaliza ankaika mitu ya machesi pa kabowo ka kumbuyo, kuti kachitsulo kakamenyapo moto ulowe mkati. Mfuti yotere ukaidyetsa, njira yochotsera zimene zili m'mimba mwake ndi imodzi yokha, kuiomba.

N'chifukwa chake ababa anali ndi lamulo lawo. Akaomba atsekwe m'mabango, ankaidyetsanso mfutiyo pompo, poti mwina pobwerera akumana ndi gulu lina. Koma mfuti yodya sinkalowa m'mudzi. Panjira yochokera kudooko pali chulu chachikulu, ndipo ababa ankaima pamenepo n'kuomba m'chulumo. Mudzi wonse unkadziwa kulira kumeneko. Amayi akangokumva ankasiya chilichonse chimene agwira, n'kutereka madzi osamba pamoto. Anachita zimenezi kuyambira ine ndisanabadwe mpaka ine nditakhala ndi ana anga.

Tsiku lomaliza ababa sanabwere ndi miyendo yawo. Anagwa m'bwato pakati pa mabango, asodzi n'kuwapeza pakamwa patapotoka, mbali imodzi ya thupi itafa. Anawabweretsa pa njinga, wina akukankha, awiri atawagwirira. Msodzi wina ananyamula mfuti, ndipo atafika anaipachika pa misomali yake kuchipinda kwa ababa, pamwamba pa chitseko. Ababa anakhala masiku atatu osalankhula asanamwalire. Dzanja limene linatsala lamoyo ankangolitukula kuloza kukhoma kuja, akung'ung'udza. Ife tinkati akutsanzikana ndi mfuti yawo, ndipo ine ndi manja angawa ndinkawatsitsa dzanjalo n'kulifunditsa.

Maliro atatha, abale a ababa anati mfutiyo ikhale pomwepo mpaka tidzamange chiliza, ndipo pamenepo ndiye tidzakambirana za mwini wake. Pepala la boma inalibe, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Chaka chonsecho mfuti inali pakhoma, koma nkhani yake inali pakamwa pa anthu.

Ku mjigo azimayi ankandiuza maganizo awo ndisanawafunse. Wina, amene akuba anamutengera mbuzi zonse m'khola, ankati tisayerekeze kuitaya. Ankati polisi ili kutali, ndipo ukaimba foni mmawa amafika mpunga utapsa kale, pomwe akuba amadziwa nyumba imene muli mfuti ndipo amailambalala. Amayi ena achikulire, amene anaona anthu akuwoloka nyanja kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ankangopukusa mutu. Ankati anaona mfuti zikusinthanitsidwa ndi thumba la chimanga, ndipo mwa onse amene anazigula palibe amene anagona nazo tulo tabwino. Amuna a kabaza pamsika anali ndi mfundo yawonso: bwanji olemera a m'tauni ya Zomba amapatsidwa chilolezo, pamene mlimi akapezeka ndi paipi yakale amangidwa? Ine ndinkavomera aliyense. Mayi wa mbuzi akalankhula ndinkati zoona, achikulire aja akalankhula ndinkatinso zoona. Kunena chilungamo, ndinalibe mbali, ndipo sindinkaona chifukwa chokhalira nayo.

Amene anali ndi mbali ndi mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Ndi munthu wolimbikira ntchito, wopatsa, koma mtima wake uli pafupi ngati madzi a m'mbale. Ali mnyamata anathyola khasu pamutu pa ng'ombe ya eni chifukwa inadya mbande zake. Ababa sanamulole n'kamodzi komwe kugwira gogodela, ndipo iye ankati n'chifukwa cha nsanje ya ukalamba.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga, mtsinje wa Likangala unachepa, ndipo madzi a m'ngalande za mpunga anayamba kugawidwa mwa masiku. Munda wa mlongo wanga uli kumapeto kwa ngalande. Kumtunda kwake kuli munda wa mnansi wathu, bambo wachisilamu amene mkazi wake timagulitsira limodzi mpunga pamsika. Mlongo wanga ankati tsiku lake la madzi likafika, mnansiyo amatseka ngalande ndi matope n'kupatutsira madzi kwake. Mnansiyo ankati madziwo ndi ochepa, amathera m'njira okha. Ine sindinaone ndi maso anga, choncho sindiweruza. Chimene ndinaona ndi mpunga wa mlongo wanga ukuchita chikasu pa nthawi yoti ubereke.

Chiliza tinamanga Loweruka. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine, amayi, mlongo wanga ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene amayang'anira mbumba yathu. Abale a ababa anali atanena kale kuti iwo mfutiyo sakuifuna, ana aone chochita. Atsibweni anafunsa maganizo. Amayi anati iwo alibe mawu pa zinthu za amuna. Ine ndinati chilichonse chimene mungagwirizane. Mlongo wanga anati mwana wamwamuna ndi iye yekha, ndipo atsibweni, amene sakonda mikangano, anati basi itengeni achimwene, koma mukalembetse ku boma.

Mlongo wanga analowa kuchipinda n'kutuluka nayo, akupukuta fumbi ndi malaya. Anaiika paphewa n'kuloza mtengo wa mango, kenako khola la nkhuku, akuseka. Kenako anatulutsa bokosi la machesi m'thumba n'kuligwedeza.

"Mawa ndi tsiku langa la madzi," anatero. "Akakatsekanso ngalande ija, ndikamuonetsa."

"Mukamuonetsa chiyani, achimwene?" ndinafunsa.

"Musaope, achemwali, sindine wamisala ine. Onga ndilibe, mfutiyi ndi paipi chabe. Ndikangoika mitu ya machesi kumbuyoku, ndimuloze, ilire kuti pha! Muone mmene akathawire m'matope, chipewa kutsala."

Atsibweni anaseka pang'ono n'kunena kuti zachibwana zimenezo azisiye. Inenso ndinatsala pang'ono kuseka. Koma mawu oti kulira aja anandikhala m'khutu, ndipo ndinapezeka ndikuganiza za tsiku limene ababa anabwera pa njinga. Ndinali pakhomo tsiku limenelo, ndikupeta mpunga. Ndinakumbukira kuti amayi anadzidzimuka poona anthu akulowa pabwalo, ndipo pamoto panalibe madzi. Amayi sanatereke madzi chifukwa sanamve kanthu. Pachulu paja sipanalire mfuti. Kenako ndinaona dzanja la ababa likuloza kukhoma, ndi manja anga akulitsitsa.

"Achimwene, tsitsani mfutiyo," ndinatero. "Ndi yodya."

"Yodya chiyani? Chaka chonse ili pakhoma."

"Tsiku lija ababa sanaombe pachulu. Anaipachika ndi msodzi uja, ndipo iye lamulo la ababa sankalidziwa."

Mlongo wanga anakwiya. Anati ndakhala chete pokambirana, tsopano ndayamba kupeka nkhani kuti ndimulande cholowa chake. Anati ndikuteteza mwamuna wa mnzanga wa pamsika, ndipo mpunga wa mbale wanga ukauma ine sizindikhudza. Mawu amenewo anandipweteka, ndipo nanenso ndinamuyankha zimene sindingalembe pano. Ndinamukumbutsa za ng'ombe ija. Ndinamuuza kuti ababa sankamukaniza mfuti chifukwa cha nsanje, koma chifukwa ankamudziwa. Zimenezo zinali zoona, koma sindinayenere kuzinena pamaso pa amayi.

Atsibweni anatenga ndodo yachitsulo ya ababa. Pa ndodoyo panali kamzere kamene ababa anadula ndi tupa, kosonyeza pamene imafika mfuti ikakhala yopanda kanthu. Anailowetsa m'paipi ya mfuti pang'onopang'ono. Inaima kamzere kaja katatsala zala zinayi kuti kafike pakamwa pa paipi.

"Ndi dothi la mavu limenelo," anatero mlongo wanga. "Amamanga paliponse pamene pali bowo."

"Mwina ndi mavu," anatero atsibweni. "Tiyeni tikawafunse kuchulu."

Tinapita atatu, amayi n'kutsala pakhonde. Dzuwa linali likali pamutu, ndipo anthu ochokera kudooko ankaima n'kumationerera. Atsibweni anamangirira mfutiyo pa chitsa ndi luzi, kamwa lake litaloza chulu. Mitu ya machesi anaika ndi mlongo wanga mwini, yomwe ija anakonzera za mawa, akung'ung'udza kuti tikumuchititsa manyazi pagulu. Anamanga chingwe chachitali pa kachitsulo kokokera, tonse n'kubwerera kuseri kwa mtengo. Atsibweni anamupatsa chingwecho kuti akoke yekha.

Ndinakhala ndikumva kulira kumeneko moyo wanga wonse, koma nthawi zonse ndili kumudzi. Pafupi sindinakumvepo. Makutu anatseka, utsi unadzaza njira, mbalame zinabalalika m'mabango. Utsi utachepa tinaona dzenje pachulu loti mutu wa munthu n'kulowamo, chiswe chikutuluka mbali zonse. Atsibweni anatola kachidutswa ka msomali m'dothimo, kakutentha, n'kumuika mlongo wanga m'dzanja.

Iye anakhala pansi pomwepo panjira. Anangoyang'ana dzenje lija nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa chimene ankaona, chifukwa inenso ndinkaona chomwecho. Dzenjelo linali pa msinkhu wa chifuwa cha munthu woima m'matope. Ndinaganiza za mnzanga wa pamsika, ndi mmene ndikanamuyang'anira Lachiwiri, tsiku la msika.

Mmawa mwake atsibweni anakulunga mfutiyo m'chiguduli n'kupita nayo ku polisi pa njinga. Ine ndi amene ndinawakakamiza, ndipo ndinawauza kuti akapanda kutero ndikaiponya ndekha pakati pa nyanja. Mlongo wanga sanatsutse, koma sanavomerenso. Mpunga wake chaka chimenecho sanakolole wokwanira, ndipo mpaka lero akandipeza kwa amayi amandipatsa moni ngati mlendo. Sindidziwa ngati amandisungira mkwiyo chifukwa cha mfuti, kapena chifukwa ndinalipo pamene anakhala pansi panjira paja.

Ku mjigo nkhani inagawikanso pawiri. Achikulire aja anandigwira dzanja n'kunena kuti ndachita bwino. Mayi wa mbuzi anati ndavula mudzi wonse, ndipo akuba atathyola nkhokwe ya munthu wina miyezi ingapo pambuyo pake, anandiyang'ana ngati ndawatsegulira ndine. Sindinamutsutse, chifukwa mantha ake ndi enieni ndipo inenso ndimagona nawo. Koma masiku ano akandifunsa maganizo sindinenanso kuti zoona kwa aliyense. Ndimawauza kuti m'banja mwathu munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa kusunga mfuti, ndipo ngakhale iyeyo, wosamala chotero, anatisiyira yodya pamwamba pa chitseko chimene adzukulu ake ankadutsa tsiku lililonse. Anayesetsa kutiuza, ife n'kumufunditsa dzanja.

Chimene sindinauzepo anthu a ku mjigo ndi zimene tinapeza titabwerera kuchokera kuchulu Lamlungu lija. Amayi sanali pakhonde pamene tinawasiya. Anali kukhitchini, atagwada, akukoleza moto, ndowa ya madzi osamba ili kale pa mafuwa. Atationa pakhomo atatu, anayang'ana kumbuyo kwathu, kunjira ya kudooko, kenako anayang'ana ndowa ija. Anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Mlongo wanga ndi amene anapita kukaphula madziwo.