Tsiku Limene Ndinawerengera Amalume Pepala

Mtedza wokazinga umene amayi anandipatsira kuti ndikapereke kwa amalume kuchipatala cha pa Boma ndinaupereka kwa munthu wina. M'chipindamo munali abambo angapo omangidwa mabandeji kumutu, ndiye ine ndinangogwada pa bedi loyamba n'kupereka ndi manja awiri. Bamboyo analandira, kuthokoza, n'kuyamba kukukuta. Amalume anali pa bedi lachitatu, akuonerera. Kuseka analephera chifukwa cha nthiti.

Inali nyengo yokumba mtedza, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Thiraki yochokera ku Zambia inawapeza amalume akupalasa njinga pamsewu wa tala, thumba lili pakaliyala. Mutu wa thirakiyo unawadutsa bwinobwino. Ngolo ya kumbuyo ndi imene inawakola pokhota. Mwendo unathyoka pawiri. Atatuluka m'chipatala ankaswera pamphasa pakhonde, chikhakha chikununkha ngati laimu wonyowa, n'kumakanda m'kati mwake ndi sipoko ya njinga yophwanyikayo.

Aphunzitsi a pasukulu ya mishoni anauza amayi kuti nkhani zotere zili ndi njira yake: lipoti la apolisi, lipoti la adokotala, kenako loya ku Lilongwe. A inshuwalansi amapereka chipukuta misozi choti munthu ayambire china, poti khasu amalume sadzaligwiranso ngati kale. Anati tisapupulume. Atatero ananyamuka kupita kumaliro kwawo ku Ntcheu.

Sabata lomwelo kunafika alendo awiri pa kagalimoto koyera, otumidwa ndi mwini thiraki. Zipewa anavulira patali. Mpando anakana, anakhala pansi. Anabweretsa mbuzi, shuga ndi njinga yatsopano ikadali m'mapulasitiki. Kwathu munthu wodzapepesa sabwezedwa, amamuphera nkhuku. Amayi anapha yomwe inkaikira.

Atasamba m'manja, wamkulu mwa awiriwo anatulutsa pepala, n'kunena kuti n'longotsimikizira abwana kuti katundu wafika. Linali la Chingerezi. Maso onse anatembenukira kwa ine.

Apa ndidziulule. Sukulu ndinkapita mwa apo ndi apo, koma kuwerenga ndinadziphunzitsa pa nyuzipepala zokulungira usipa ndi pa matumba a feteleza. Mawu a Chingerezi ndinkawatchula mosadodoma, ngati wolengeza pa wailesi. Zoti sindinkamva ngakhale limodzi palibe ankadziwa, ndipo inenso sindinkaona kuti ndi vuto. Ndinkayesa kuti kuwerenga n'komweko.

Ndinaimirira, kukonza kolala wa malaya, n'kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi tizilembo ting'onoting'ono tomwe. Mbuzi inkalira pamtengo wa mango pomwe anaimangirira. Alendo aja ankagwedeza mitu.

"Ndiye akuti chiyani, mphwanga?" anafunsa amalume.

"Akuti pepani," ndinatero.

Amalume anapereka chala. Inki inakhala pachalapo masiku atatu.

Aphunzitsi atabwerako anaperekeza amalume ku Lilongwe pa minibasi, ndodo zili pansi pa mpando. Madzulo amayi anamva zonse pakhonde. Loya anati pepala lija likunena kuti amalume alandira zonse zowayenera ndipo sadzadandaulanso kwina kulikonse. Kulitsutsa kunali kotheka, koma kunkafuna zaka ndi maulendo ambiri. Amalume anati mwendo sungalole, komanso sangakasumire anthu amene anadya nawo mbale imodzi. Sanapitenso. Njinga yatsopano ija sankatha kuipalasa. Ankangoigwiritsa ntchito anthu obwereka. Chaka chotsatira munda wawo unalimidwa theka.

Palibe anandikalipira. Lero ndili ndi mabuku odzaza katoni, ndipo mawu aliwonse ondivuta ndimayamba ndafunsa, mpaka ana anga amatopa nane. Sindinganene kuti mlanduwo ukanapambana. Chimene ndikudziwa n'chakuti sunayambe n'komwe.

Mayi wina woyandikana nafe, amene tsiku la alendo lija ankathothola mtedza kuseri kwa nkhokwe yake akumvetsera, anandipeza pamjigo patangopita masiku ochepa amalume atabwerako ku Lilongwe. Anandithandiza kusenza ndowa, n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Mwana iwe, pakamwa pako m'pokoma," anatero. "Ukanangochita chibwibwi pang'ono tsiku lija, bwenzi amalume ako atadikira aphunzitsi."

Ine ndinangomva mawu oyambawo, ndipo ndinathokoza.