Malata a mayi a ku Oakville

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba kudziko la azungu, ku Etobicoke. Bambo anali atangogula galimoto yakale, ndipo Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ankatitenga kukaona nyumba za anthu olemera. Kuona salipiritsa.

Tsiku lina ku Oakville, pakati pa zinyumba zikuluzikulu, tinaona kanyumba kofolera ndi udzu. Zipupa zoyera, timawindo ting'onoting'ono, denga lakuda lotsika moti munthu wamtali akanalowa chowerama. Panja, mayi wachizungu wokalamba ankathirira maluwa. Bambo anaimitsa galimoto n'kupukusa mutu.

"Anansi onsewa, kuwasiya mayiwa m'nyumba ya udzu? Snow ikubweratu."

Amayi anati tisalowerere za eni. Bambo sanamve. Mlungu wotsatira anapempha malata otsala komwe ankagwira ntchito, n'kuwamangirira pamwamba pa galimoto. Njira yonse malatawo ankalira ngati chigayo. Ine ndinafukata chitini cha misomali.

Mayi aja anatilandira bwino, mpaka tiyi anatipatsa. Kenako anatilozera kachikwangwani kachitsulo pakhoma. Anati nyumbayo ndi yakale kwambiri, ndipo akuluakulu a tauni anaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa. Denga, ngakhale windo, sangasinthe popanda chilolezo. Udzu amachita kuitanitsa kunja, wofolera naye amabwera pandege.

Bambo anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa m'Chingelezi ngati ndi boma limene likuwakaniza malata. Mayiwo atavomera, bambo anawapepesa kwambiri.

Tinabwerera ndi malata athu. Titafika pamsewu waukulu, bambo anatiuza kuti atangoyamba ntchito ali mnyamata, anapita kwawo ku Ntcheu kukasasula udzu pa nyumba ya mayi awo n'kukhoma malata, mudzi wonse ukuwatama. Agogowo anathokoza. Koma kuyambira pamenepo masana ankaswera pansi pa mtengo poti m'nyumba munkawotcha, ndipo mvula ikamagwa sankagona ndi phokoso.

"Sanandiuze," anatero bambo. "Ndinamva kwa mlongo wanga tikuchokera kumanda titawaika."

Aka kanali koyamba kuwamvera chisoni bambo anga.

Masiku ano udzu wabwino kwathu umagulidwa ndi eni malo ogona alendo, ndipo pamtundu pathu palibenso wodziwa kufolera. Ana anga amati kanyumba ka ku Oakville kaja n'kokongola, amakonda kujambulitsa pamenepo. Bambo akalamba tsopano. Tikaima amatsalira m'galimoto, amati mawondo akupweteka.