Moni Wautali wa Atate ku Nyimba

Fungo la tsabola wopsa pamodzi ndi ndowe za njovu limandibwezera ku Nyalugwe, m'chilimwe chimene ndinali m'giredi yachinayi. Amai ankaumba ndowezo ngati njerwa, n'kuziyatsa mozungulira nkhokwe kuti utsi uthamangitse njovu. Utsiwo unkatiliza ife ana, koma njovu zinkangobwerabe. Chaka chimenecho zinagumula nkhokwe ya oyandikana nafe n'kusiya zitsononkho zokhazokha. A gemu, oyang'anira nyama zakutchire, anabwera, anayang'ana mapazi, n'kunena kuti sangawombe ngakhale imodzi popanda chilolezo cha ku Lusaka. Chilolezocho tinachidikira mpaka tinasiya kuchifunsa.

Kenako kunamveka kuti akuluakulu akuyendera maboma kumva maganizo a anthu pa zosintha malamulo aakulu a dziko, ndipo adzafika ku Nyimba. Mudzi unasankha atate, popeza anali mphunzitsi, kuti akanene chinthu chimodzi: mphamvu zina zichoke ku Lusaka, nkhani ngati ya njovu izigamulidwa kwathu konkuno. Atate anavomera, koma m'nyumba mwathu munazizira dzuwa likuswa mtengo. Anthu ankanong'onezana za mphunzitsi wina wa ku Mwape amene anasamutsidwa chifukwa cha pakamwa pake, mkazi ndi ana n'kutsala. Atate ankadya za boma lomwelo limene ankafuna kulidula mapiko, ndipo nyumba yathu ya malata inali ya sukulu.

"Mukakamba izi mailo, a Daka, mwezi wamawa tili pa lole na katundu," amai anatero akupeta, madzulo oti mawa lake tonse tipita ku Nyimba. Atate anangoyang'ana nsapato zawo.

Holo ya ku Nyimba inali yodzaza, ikununkha thukuta ndi nthochi zakupsa. Kutsogolo kunali tebulo la nsalu yoyera, ndipo bambo wina anagwira kabelu koimitsira aliyense nthawi yake ikatha. Atate ataitanidwa anawerama, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga timachitira kwathu. Kwathu supempha kanthu kwa wamkulu usanamalize moni, ndipo moni saudula. Anapereka moni kwa wapampando, kenako kwa aliyense wa patebulo payekhapayekha. Anafunsa mmene anayendera m'mapiri a Kacholola ndi mmene anasiyira ana kunyumba. Anathokoza chifukwa cha sukulu, anathokoza chifukwa cha mjigo. Akadali pa mjigo pomwepo kabelu kanalira, njovu asanazitchule.

Anthu a kwathu anang'ung'udza, wina n'kutsonya mokweza. Ine manyazi anandigwira moti ndinabisa nkhope m'chitenje cha amai. Koma chitenjecho chinandipulumuka, chifukwa wapampando atafunsa ngati pali mayi wofuna kulankhula, amai anaimirira. Sanawombe m'manja n'komwe.

"Bambo, ine sinigwila nchito ya boma, nigulitsa chabe nthochi. Njovu ikadya chimanga ku Nyalugwe, n'chifukwa chiani tipemphe munthu wa ku Lusaka amene sanaionepo? Lembani kuti mphamvu izo zibwele kuno."

Ndinaona zolembera zikuyenda patebulo, ndipo nthungululu zinadzaza holo.

Pobwerera sindinakhale pafupi ndi atate pa lole. Kumudzi anawapatsa dzina loti a Moni, ndipo ngakhale ana asukulu ankalitchula akatembenuka. Iwo sanadziteteze ngakhale kamodzi. Chilimwe chonsecho galimoto ikalira kumsewu ndinkaganiza kuti abwera kudzatichotsa. Mvula inagwa tili m'nyumba yomweyo, ndipo tinakhalamo mpaka atate anapuma pantchito. Njovu nazo sizinasiye kubwera.

Amai anandiuza zoona titaika atate m'manda. Anati m'mawa wa tsiku lija anapangana kuseri kwa nkhokwe, atate n'kuyeserera moniwo kuti utalike mpaka kabelu kalire. "Mphunzitsi angamusamutse, mwana wanga," anatero. "Nanga wa nthochi angamusamutsile kuti?"

Ndili mwana ndinkaona munthu wamantha amene anaiwala zimene anamutuma. Lero ndikudziwa kuti mawu a mudzi analembedwa, denga linatsala pamutu pathu, ndipo mtengo wake analipira ndi atate okha. Dzina la a Moni analowa nalo m'manda, ine ndisanawapepese.