Tsiku limene ndinadutsa ndi moto pomwetsera mafuta

Ndikukumbukira chaka chimene anayamba kugulitsa gasi pamalo omwetsera mafuta pafupi ndi kwathu, m'mbali mwa msewu wopita kuboda. Ndinali Sitandade 4. Anaimika thanki yoyera kuseri kwa mapampu, ndipo ana tonse tinapenga nayo. Tinkakangana ngati m'katimo muli madzi kapena mphepo. Ine, wapakamwa chibadwire, ndinkalumbira kuti tsiku lina ndidzaona ndekha.

Loweruka lina masana machesi anatithera. Amayi anandipatsa phale kuti ndikapale moto kwa aNachisale, amene ankawotcha chimanga tsidya lina la msewu. Anandiikira makala ofiira bwino, ine n'kuyamba kubwerera ndikuwauzira kuti asazime.

Ndipamene ndinaiona. Galimoto yaitali yonyamula gasi inali itaima pathanki paja, payipi yakuda italumikizidwa. Mtima unagunda ndi chimwemwe. Anzanga onse anali kumpira, ndiye kuti Lolemba kusukulu nkhani ikakhala yanga ndekha! Ndinasiya njira ya masiku onse n'kulowera chidule cha pakati pa mapampu, phale lili m'manja.

Ndikuyandikira ndinamva fungo ngati la kabichi wowola, komanso kaphokoso ngati tayala likuphwa. Pamfundo ya payipi pankatuluka kautsi koyera kokwawa pansi. Ndinasangalala koopsa. Gasi uja ndinali kumuona ndi maso angawa.

Dalaivala atandiona anangogwira kumutu. Amene anayankhula anali a Juma, bambo wogwira ntchito pamapampu, amene ankakonda kutithamangitsa tikamasewera pamenepo. Tsiku limenelo sanakalipe. Anayankhula motsitsa ngati akunyengerera nkhuku kuti ilowe m'khola.

“Mwanawe, ima pomwepo. Usathamange, usagwetse. Bwerera chambuyo pang'onopang'ono.”

Ndinabwerera, iwo akunditsatira ndi ndowa, mpaka tinafika kumsewu. Kenako anakhuthulira madzi onse paphale langa, ena pa diresi. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akalongosole okha kwa amayi, chifukwa ine sindikwapulidwira zolakwa za anthu ena.

Anapitadi, atatseka kaye gasi uja ndi kuchotsa anthu onse pamalopo. Anatipeza amayi atathyola kale kamtengo, poti ndinafika wonyowa, wopanda moto. A Juma anawafotokozera kuti gasi wothawa sakwera m'mwamba, amayenda pansi, ndipo khala limodzi likanagwa, likanapsereza ine, iwo, ndi mzere wonse wa magolosale.

Amayi anataya kamtengo kaja. Tsiku limenelo sanakolezenso moto. Tinadya mbatata zozizira za m'mawa, atandikhazika pamiyendo ngati khanda, ine msinkhu wonsewo.

Masiku ano pamalopo pali mpanda ndi zikwangwani zoletsa moto, ndipo ana anga sadziwa n'komwe kuti moto ankapala kwa anansi. Nanenso ndimaphikira gasi. Amayi akabwera kwathu kuboma amakhala kukhonde, kukhitchini salowa. Ndimawaseka kuti ndi achikale. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe seka. Sunali iwe amene ukanakatola mwana pamapampu paja.”