Mizimu ya Pachikwangwani

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, aliyense pa Nathenje anasanduka wabizinesi. Achimwene anga nawonso anasiya ukapitawo ku esiteti ya fodya ku Mitundu, nachita lendi kanyumba m'mbali mwa msewu wa tala. Koma analumbira kuti sagulitsa ngakhale machesi amayi asanabwere kudzapemphera m'shopumo.

Tinanyamuka m'mawa, amayi atavala chitenje chatsopano, ine ndikudumphadumpha ngati shopuyo ndi yanga. Ndinali Folomu 2, ndipo Chingelezi chinkandiyabwa pakamwa. Tikufika, penti ya pachikwangwani inali isanaume n'komwe: Groceries, Wines and Spirits.

"Tawerenga, iwe wasukulu," anatero amayi. "Liwu lomalizalo akuti chiyani?"

Limenelo ndiye ndinkalidziwa. Ndinayankha mokweza kuti odutsa amve: "Spirit ndi mzimu, amayi. Apa ndi yambiri, mizimu."

Amayi anangoti chilili. "Mwana wanga akugulitsa mizimu?"

Posakhalitsa anthu anatizinga. Telala wa pakhonde loyandikana anasiya makina, nati ayi, sipiliti ndi mankhwala aja amene ometa amatipaka m'khosi, owawa ngati tsabola. Mayi wamandasi anakana. Kutchalitchi kwawo kwatsopano, anatero, abusa akafuula liwu lomweli anthu amagwa pansi, ndiye kuti ndi Mzimu Woyera basi. Ine ndigonje? Ndinawonjeza kuti aphunzitsi athu amalitchula tikamasewera netibo ndi mtima umodzi. Phokoso lake! Liwu limodzi, aliyense akulikokera kwake, ndipo ine ndinkakondwa zosaneneka kuti akuluakulu akukangana nane za Chingelezi.

Amayi okha sanaseke. Maganizo awo anali pa zokhwimira bizinesi, zimene anthu ankanong'onezana kwambiri masiku amenewo. Achimwene anatuluka m'shopu thukuta lili kamukamu.

"Amayi, si zokhwima ayi. Ndi mowa wa m'mabotolo, waukali uja, kachasu wa azungu. Ndi shelefu imodzi yokha, yakumbuyo."

Anthu anaseka, ine ndinapuma, ndikuti nkhani yatha. Koma amayi anawayang'ana achimwene nthawi yaitali, mpaka kuseka konse kunazima.

"Bola ikanakhala mizimu," anatero motsitsa mawu. "Mizimu ndikanaipempherera, ikanathawa. Bambo ako sanatengedwe ndi mizimu."

Bambo athu anamwalira ndi kachasu ine ndili wamng'ono, ndipo kunyumba sitinkazitchula.

"Ingolowani, amayi," anachonderera achimwene. "Pemphero lalifupi chabe."

Amayi anayandikira mpaka pachitseko, nasuzumira mkati. Anaona sopo, shuga, mafuta ophikira, ndi mabotolo aja kumbuyo, atandandalikidwa bwinobwino.

"Ndipemphere kuti chiyani, mwananga? Kuti agulidwe?"

Amayi anamanga chitenje chawo, nandigwira dzanja, tinawoloka msewu kukadikira matola.