Mahedifoni andiyambanitsa ndi eni nyumba

Mwaswera bwanji nonse.

Achimwene a ku Joni, mahedifoni oletsa phokoso munanditumizira aja ndawayesa lero. Mu minibasi yochokera ku Blantyre agwira ntchito, sindinama. Kulira kwa injini kunangozilala. Pa Zalewa ogulitsa malonda ndimangowaona milomo ikuyenda, ndipo mabampu a msewu wopita ku Boma ndimawamvera m'chiuno basi, osati m'makutu.

Nkhani yavuta kunyumba. Nditafika ndinakhala pabalaza chitseko chili chotsegula, nyimbo za kwaya zili m'makutu, chigayo cha kuseri chija osachimva n'komwe. Osadziwa kuti a Gama, bambo achikulire eni nyumba ndikukhalayi, aima pakhomo ndi dengu la manachesi a m'munda mwawo. Odi, odi, mpaka kuwomba m'manja. Ine maso kukhoma, mutu ukuyenda ndi nyimbo.

Mukudziwa munthu wamkulu salowa m'nyumba asanayankhidwe. Anadikira, kenako anabwerera ndi dengu lawo.

Ndamvera kwa akazi awo, mayi Gama, kumjigo madzulo ano; paja amandiitana ndi dzina la ntchito yanga. "Anamwino, bambo akuti mumawapukusira mutu. Kodi takulakwirani chiyani?"

Ndiye ndithandizeni maganizo. Mawa ndikangopepese ndi pakamwa, kapena ndinyamule mahedifoniwo ndikawaveke amve okha? Chondiopsa n'choti akakawakonda, mayi Gama ndi amene aziyankhula okha pakhomo paja, ndipo mlandu ubweranso kwa ine.